Nkhanza ndi chikondi pansi pa denga limodzi: kalembedwe ka dark romance ya banja la ana opeza

Zolemba zambiri za dark romance zokamba za banja la ana opeza zimagwera m'dzenje limodzi. Mitu 30 yathunthu mtsikana akuzunzika m'nyumba ya bambo wopeza, kenako pa mutu 31 womuzunzayo agwada, agwetsa misozi, anena kuti nayenso anakula movutika, basi mutu 32 ndi ukwati. Wolemba amaganiza kuti waonetsa munthu akusintha. Koma wowerenga amene anakhalapo m'nyumba yotero amatseka bukulo mtima ukumuwawa, chifukwa kugwada ndi kulirako amakudziwa bwino. Anakuona kambirimbiri, ndipo nthawi zonse pambuyo pake nkhanza zinkayambiranso.

Dark romance ndi nkhani yopeka yachikondi imene siopa kulowa m'zinthu zimene nkhani zina zachikondi zimazemba: kuopsezana, kulamulirana, kubwezerana, chiwawa. Komabe imakhalabe nkhani yachikondi, ndipo mtundu umenewu uli ndi malamulo ake. Bungwe la Romance Writers of America, limene linayamba mu 1980, limati mizati yake ndi iwiri: chikondi chikhale pakatikati pa nkhani, ndipo mathero akhale okhutiritsa mtima ndi opatsa chiyembekezo. Vuto lonse la wolemba lagona pamenepa. Walonjeza owerenga mathero abwino, koma wawalowetsa m'nyumba yoipa. Mtunda wochokera m'nyumbamo kukafika kumathero abwinowo uyenera kuyendedwa ndi mapazi, tsamba ndi tsamba. Kuudumpha ndi kunamiza owerenga, ndipo bodza lake ndi lomwe lija limasunga anthu enieni m'manja mwa owazunza, lakuti ukapirira mokwanira adzasintha.

Musanalembe mutu woyamba

Tengani pepala limodzi mulembepo zaka. Chaka chimene mpangankhani aliyense anabadwa, chaka chimene kholo lina linamwalira kapena banja loyamba linatha, chaka chimene makolo awiriwo anakwatirana, ndi tsiku limene ana opezawo anaonana koyamba. Anthu awiri odzakondanawo akhale akuluakulu, opitirira zaka 18 mosakayikitsa, ndipo chabwino koposa n'chakuti akumane atakula kale: wina wa zaka 22, wina 25, makolo awo atangokwatirana chaka chatha. Malo ofalitsira zolemba monga Amazon KDP ndi Wattpad amaletsa zachiwerewere zokhudza ana. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, munthu wamkulu amene walera mwana kenako n'kumusandutsa chibwenzi sali m'nkhani yachikondi ayi. Imeneyo ndi nkhani ya mwana wochitiridwa nkhanza yokonzedwa kwa zaka zambiri, ndipo mathero a ukwati sangasokereredwepo.

Chachiwiri choti mugamule ndi chakuti wankhanzayo ndani, ndipo wokondedwayo ndani. Njira yosavuta kuiyendetsa ndi yakuti wankhanza akhale kholo lopeza, wokondedwa akhale munthu wakunja. Njira yolemera koposa, kwa ine, ndi yakuti wankhanza akhale bambo kapena mayi wopeza, wokondedwa akhale mwana wa wankhanzayo, amene anakulira pansi pa dzanja lomwelo ndipo anaphunzira kudzipulumutsa pokhala maso ndi makutu a kholo lakelo. Munthu wotere ali ndi mlandu weniweni komanso ali ndi khomo lenileni lotulukira. Njira yovuta kwambiri, imenenso olemba atsopano amaithamangira, ndi yakuti mwana wa kholo lopeza akhale iye yemwe wozunza wamkulu kenako wokondedwa. Imatheka, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo tifikako.

Popeza mpangankhani wanu ndi wamkulu, wowerenga adzafunsa msanga kuti bwanji sakungolongedza n'kumapita. Yankho likhale m'nkhanimo lisanafunsidwe. Mumangireni zingwe ziwiri, china cha m'thumba, china cha mumtima. Cha m'thumba: fizi ya kukoleji akulipira ndi bambo wopeza, pasipoti ndi masatifiketi zili m'kabati yokiya, chuma chimene bambo ake omubereka anamusiyira chili m'manja mwa wina mpaka atakwanitsa zaka 25. Cha mumtima: mayi ake akudwala ndipo ali m'nyumba momwemo, kapena pali mng'ono wake amene akatsala yekha. Chingwe chimodzi chokha wowerenga amachidula m'maganizo mwake n'kuyamba kumunyoza mtsikanayo. Zikakhala zisanu, nkhani imaoneka yopanga. Ziwiri zimakwanira, bola kudula chimodzi kuzimangitsa chinacho.

Nkhanza ndi dongosolo la panyumba

Olemba ambiri akamva mawu oti nkhanza amaganiza za mbama ndi lamba. Zimenezo zilipo, koma si msana wake. Katswiri wina wa ku America, Evan Stark, m'buku lake la mu 2007 anafotokoza kuti chimene chimamanga munthu m'nyumba yankhanza ndi kulandidwa ufulu pang'onopang'ono: kumupatula kwa anzake, kumulondalonda, kumugwirira ndalama, kumuikira malamulo pa tizinthu ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku. Maganizo amenewa anafika mpaka m'malamulo. Ku England ndi Wales, lamulo la Serious Crime Act la mu 2015 linaika khalidwe lolamulira ndi kuumiriza wachibale kapena wokondedwa kukhala mlandu wotha kumangitsa munthu mpaka zaka zisanu, ngakhale asanakwezepo dzanja.

Choncho jambulani mapu a nyumbayo. Chipinda cha mtsikanayo chili kuti, chitseko chake chili ndi loko kapena anachotsa, kuti atuluke panja amadutsa pakhomo pa yani, ndi pati pamene pansi pamalira munthu akaponda. Kenako lembani malamulo 10 a m'nyumbamo amene palibe anawalembapo koma aliyense amawadziwa. Palibe kudya mwininyumba asanakhale pansi. Foni imagona pabalaza. Risiti ya chilichonse chogulidwa imaonetsedwa. Dzina la malemu silitchulidwa. M'bukumo musawandandalike malamulowa. Aonekere pamene wina waphwanya limodzi mosadziwa, anthu onse patebulo n'kusiya kutafuna.

Taonani mmene zingaonekere pafupi. Alendo ali pabalaza, bambo wopeza wagwira mtsikanayo paphewa:

"Mwana wanga uyu ndi wanzeru kwabasi. Fizi ndikulipira ndine, ndipo sindidandaula ngakhale pang'ono."

Galimoto ya alendo itangotuluka pageti, akumupeza kukhitchini.

"Foni ija bweretsa kuno."

"Bambo, mawa ndili ndi mayeso, ndandanda wake uli momwemo."

"Ndati bweretsa. Kodi iwe m'nyumba muno unagulamo chiyani?"

Mayi ake, amene anali kutsuka mbale, anatsegula mpopi kwambiri kuti madzi aziphokosera.

Palibe wamenyedwa, koma zonse zilipo. Chikomekome cha mkuyu chaonekera pabalaza, nyerere zake kukhitchini. Ndipo chiganizo cholemera koposa ndi chomalizacho. M'nkhani za banja la ana opeza, bala lakuya kwambiri nthawi zambiri silichokera kwa kholo lopeza. Limachokera kwa kholo lobereka limene likuona n'kukhala chete, chifukwa nalo likuopa, kapena likudalira denga lomwelo, kapena silikufuna kuvomereza kuti linasankha molakwa kachiwiri. Olemba ambiri amaliiwala kholo limeneli, amalipititsa ku ulendo wa ntchito kwa mitu 20 kuti lisasokoneze. Kutero n'kutaya chuma. Lisiyeni m'nyumbamo, lipatseni zochitika zake zitatu kapena zinayi, ndipo china mwa izo chikhale chakuti mwana akuliuza zoona maso ndi maso ilo n'kuyankha kuti, "Pirira mwanangu, usandipasulire banja."

Za mayi wopeza woipa kuyambira kuphazi mpaka kumutu, samalani. Chithunzi chimenechi n'chakale ndipo chinachita kupangidwa. M'kope loyamba la nthano za abale awiri a Grimm, la mu 1812, wofuna kupha mtsikana wotchedwa Snow White anali mayi ake omubereka. Pofika kope la mu 1819 anali atamusandutsa mayi wopeza. Mabanja ochuluka a ana opeza alibe nkhanza, ndipo makolo opeza ambiri amakhaladi ndi mtima wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wanu akhale wankhanza chifukwa cha chimene iye akufuna ndi chimene akukhulupirira kuti ndi ufulu wake, osati chifukwa chongoti ndi wopeza. Adziwe chimene akuteteza: nyumba, dzina labwino pamaso pa anthu, cholowa cha mwana wake womubereka. Ndipo akhale ndi anthu amene amamukonda ndi mtima wonse, chifukwa anthu amenewo ndiwo adzakane kukhulupirira mtsikanayo.

Kukoma mtima kwa pakati pa buku

Apa ndi pamene zolemba zabwino zimasiyanirana ndi zoopsa. Mu 1979 katswiri wa zamaganizo Lenore Walker anafotokoza kuti nkhanza zambiri zimayenda mozungulira: mtima umayamba kukwera m'nyumba, kenako kuphulika, kenako kupepesa ndi kukoma mtima, kenako kuyambiranso. Si nyumba iliyonse yankhanza imene imayenda chonchi, koma kwa wolemba ndi chida chothandiza. Mu 1981 akatswiri ena awiri, Donald Dutton ndi Susan Painter, anaonjezapo mfundo yakuti wozunzidwa amamatirira kwa womuzunza pakakhala zinthu ziwiri: kusiyana kwa mphamvu, ndi kusinthanasinthana kwa zoipa ndi zabwino kosadziwika nthawi yake. Munthu amene wakubisira chakudya dzulo akakubweretsera mankhwala lero usiku, mtima umathokoza mopitirira muyeso, ndipo kuthokozako kumamveka ngati chikondi.

Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: zochitika zokoma za m'mitu yapakati si umboni wakuti munthuyo akusintha. Ndi mbali ya msampha. Zilembeni zikome ndithu, wowerenga naye akopeke, chifukwa akapanda kukopeka sadzamvetsa chimene chikumusunga mtsikanayo. Koma siyani kachizindikiro. Mphatso ikhale ndi chingwe: mwana wa bambo wopezayo wamugulira foni yatsopano, koma waikamo kale pulogalamu yoonetsa komwe ali. Wamuteteza kwa bambo ake, koma mawa lake akumukumbutsa kuti popanda iye akanaona zakuda. Mtsikanayo akhoza osaona chingwecho pa mutu 12. Wowerenga achione, ndipo mtsikanayo adzachione pa mutu 20 akakumbukira.

Pa zokambirana, gwiritsani ntchito zimene katswiri wa zamaganizo Jennifer Freyd anazitcha DARVO mu 1997, chidule cha mawu a Chingerezi ofotokoza masitepe awa. Wankhanza akafunsidwa za zimene wachita amayamba wakana, kenako amaukira wofunsayo, kenako amadzisandutsa wolakwiridwa. "Sindinanene zimenezo. Iwe mutu wako suyenda bwino, ngakhale mayi ako akudziwa. Ine ndakulandira m'nyumba mwanga, malipiro ake ndi amenewa?" Ziganizo zitatu, masitepe atatu. Mukazilemba motsatana chonchi kawiri kapena katatu m'buku, wowerenga amayamba kuzimva zisanatuluke pakamwa, ndipo tsiku limene mtsikanayo adzamudule pa sitepe yachiwiri lidzakhala tsiku lalikulu.

Chilankhulo chathu chili ndi chida china chimene ndimadabwa kuti olemba sachigwiritsa ntchito mokwanira, ndicho inu ndi iwe. Bambo wopeza amati "mwana wanga" pagulu, "iwe" kuseri. Mtsikanayo amati "inu", "bambo", ngakhale pamene akunjenjemera ndi mkwiyo, chifukwa anauzidwa kuti azitero kuyambira sabata yoyamba. Lembani pambali kuti aliyense amamuitana bwanji mnzake, ndipo kusintha kulikonse kukhale ndi chifukwa. Tsiku limene adzasiye kunena "bambo" n'kuwatchula ndi dzina la mfunda wawo ngati mlendo, simudzafunika ndime yofotokoza kuti wasintha.

Kagawidwe ka mitu

Tiyerekeze buku la mawu 80,000, mitu 40 ya mawu pafupifupi 2,000 uliwonse. Mitu 8 yoyamba ndi yolowera m'nyumba: ulemu wambiri, malamulo akuonekera limodzilimodzi, wowerenga akumva fungo la utsi moto asanauone. Kuyambira mutu 9 mpaka 20 chingwe chikumangika. Cha pa mutu 20 mtsikanayo atchule chinthucho ndi dzina lake, ngakhale mumtima mokha, kuti izi ndi nkhanza. Mitu 21 mpaka 28 ndi ya kuyesa ndi kulephera, kuphatikizapo kuchoka kamodzi n'kubwerera, chifukwa anthu enieni amabwerera ndipo sachita zimenezo chifukwa chopusa. Kuchoka kwenikweni kugwe cha pa mutu 29 kapena 30, ndipo kukhale pampondachimera poopsa, popeza nthawi imene wozunzidwa akuchoka ndi imene wankhanza amalusa kwambiri poona kuti ulamuliro ukumupulumuka. Mitu 10 yotsalayo, gawo limodzi mwa magawo anayi a buku lonse, ndi ya moyo wa kunja kwa nyumbayo. Amene amaipanikiza mitu imeneyi kukhala iwiri ndi amene amalemba buku lija ndayamba nalo.

Zochitika zachiwawa zazikulu zisapitirire zitatu kapena zinayi. Chachisanu wowerenga amachiwerenga ngati nyengo, samvanso kanthu. Ndipo chilichonse chikhale cha mtundu wina, chilande chinthu china: choyamba chilande ulemu, chachiwiri chilande njira yothawira, chachitatu chikhudze munthu amene mtsikanayo amamuteteza. Pambuyo pa chilichonse perekani mutu wathunthu wa zotsatira zake. M'mawa mwake anadzuka bwanji, anavala chiyani kuti abise, ananama chiyani kwa mnzake wa m'kalasi, ndani anaphika tiyi ngati palibe chachitika. Nkhanza yopanda m'mawa wake ndi chionetsero chabe.

Kukhwima kwa wopulumukayo

Dokotala wa zamaganizo Judith Herman, m'buku lake la mu 1992 lonena za kuchira kwa anthu ovulazidwa mumtima, anaika masitepe atatu: choyamba chitetezo, chachiwiri kukumbukira ndi kulira zimene zinatayika, chachitatu kulumikizananso ndi anthu ndi moyo wamba. Ndondomeko imeneyi ndi yofunika kwa wolemba chifukwa imakuuzani chimene sichingabwere msanga. Munthu amene sakudziwa kumene agone mawa sangakhale pansi n'kumasinkhasinkha za ubwana wake. Choncho mitu 31 mpaka 33 ikhale ya zinthu zogwirika: kachipinda ka lendi, nambala yatsopano ya foni, akaunti yakeyake ya kubanki, kukatenganso masatifiketi, kuonana ndi loya, kupeza ntchito yoyamba yosasangalatsa. Kulira kwenikweni kumabwera akagona mausiku angapo osamvetsera mapazi pakhonde. Chikondi chimabwera pambuyo pa zonsezo.

Kukhwima kumafuna poyambira. Pezani bodza limodzi limene mtsikanayo amalikhulupirira pa mutu 1, mulilembe m'chiganizo chimodzi. Mwachitsanzo: "Ndikapanda kuvutitsa aliyense, adzandilola kukhala." Kenako pangani ndandanda wa mitu yonse 40 wokhala ndi mafunso atatu pa mutu uliwonse: wabisa chiyani, wapempha chiyani, wakana chiyani. M'mitu yoyamba danga la kubisa lidzadzaza, la kukana lidzakhala lopanda kanthu. Kukana koyamba kukhale kakang'ono kwambiri, mwina kukana kuchotsa chithunzi cha bambo ake omubereka pakhoma la kuchipinda, ndipo akulipire. Mukaona kuti danga la kukana lili mbee mpaka mutu 28 kenako mwadzidzidzi akulankhula ngati loya pamaso pa banja lonse, dziwani kuti mwadumpha makwerero. Bwererani muikemo kukana kwina kunayi kapena kusanu, kulikonse kokulirapo.

Thupi limachedwa kukhulupirira kuti zatha. Ngakhale pa mutu 38 azidzidzimukabe galimoto ikaima panja, azipepesa wina akagwetsa kapu, azisunga marisiti opanda womufunsa. Zimenezi musazichotse pofuna kuonetsa kuti wachira. Onetsani kuti tsopano amaziona, amapuma, n'kutaya risitiyo. Ndipo pali chiganizo chimodzi chimene ndikupempha kuti chisapezeke m'buku lanu, chija chakuti "zonse zimene munandichita zinandilimbitsa." Richard Tedeschi ndi Lawrence Calhoun, amene anafufuza za kukula kwa munthu pambuyo pa zoopsa m'zaka za m'ma 1990, anatsindika kuti kukulako kumachokera m'kulimbana kwa munthuyo ndi zimene zamugwera, osati m'zoopsazo. Wankhanza alibe gawo pa ulemerero umenewo.

Ngati wokondedwayo ndi amene anazunza

Yambani ndi kuika malire amene sangawoloke ngati mukufuna kuti adzabwerere. Kwa ine, amene wagwirira, kapena wakanyanga pakhosi, kapena wavulaza mwana, sabwereranso ngati wokondedwa, ngakhale mutalemba bwino chotani. Olemba ena malire awo ali patsogolo pang'ono, ndipo owerenga a mtundu umenewu amasiyana pa zimene amalola. Chofunika n'chakuti muwadziwe malire anu musanayambe, chifukwa m'kati mwa kulemba mumakhala chilakolako chokweza chiwawa mutu ndi mutu, ndipo mudzazindikira pa mutu 25 kuti mwapanga munthu amene inu nomwe simungamukhululukire.

Kenako kupepesa. Tamvani uku:

"Pepa ngati ndinakukhumudwitsa. Ukudziwa mmene bambo anandilerera. Popanda iwe ine moyo wanga watha."

Mawu oti "ngati" akukana mlandu. Chiganizo chachiwiri chikuupereka kwa wina. Chachitatu chikumusenzetsa mtsikanayo katundu watsopano, wakuti akakana ndiye wapha munthu. Uku ndi kupepesa kwa pa mutu 15, kwa m'kati mwa msampha, ndipo kumeneko n'koyenera. Kwa pa mutu 36 kumveke motere:

"Kalata yanu ya ntchito ija ndinabisa ndine. Ndinenso ndinawauza bambo kuti mukusunga ndalama m'pilo, ndikudziwa chimene adzachite. Ndalamazo ndabweza mu akaunti yanu lero m'mawa. Loya wanu akafuna umboni ndikapereka, ngakhale pa zimene ndinachita ineyo. Musavutike n'kundiyankha."

Watchula zochita zake chimodzichimodzi. Palibe "koma". Wabweza chinthu chogwirika. Wavomera kutaya kanthu, pano cholowa ndi bambo ake, mwinanso ufulu wake. Wamutcha "inu" munthu amene ankamutcha "iwe" monyoza kwa chaka chathunthu. Ndipo wachoka osapempha kanthu.

Ngakhale kupepesa kotereku ndi chiyambi chabe. Pakufunika nthawi yooneka pa kalendala ya nkhaniyo, miyezi yambiri kapena chaka, ali kutali ndi mtsikanayo, akuonana ndi mlangizi kapena ali m'gulu la anthu osiya nkhanza. Wowerenga amuone akukwiyitsidwa ndi munthu wina wopanda mphamvu, wantchito kapena wogulitsa m'sitolo, pamalo pamene mtsikanayo palibe ndipo sadzamva, n'kuchita mosiyana ndi kale. Amuonenso akulandira "ayi" kamodzi kwathunthu, osatumiza maluwa, osadikirira pageti, osatuma mnzake. Muyeso wake ndi wosavuta: mutachotsa mathero achikondiwo, kodi munthuyu akanapitirizabe kusintha? Ngati yankho ndi ayi, chimene mwalemba ndi njira yatsopano yopezera chimene akufuna.

Mabuku ambiri a mtundu umenewu amasinthanitsa ofotokoza nkhani, mutu wina mkazi, mutu wina mwamuna. Njirayi ili ndi ngozi yake. Wowerenga akalowa m'mutu mwa wozunza amayamba kumumvera chisoni msanga, ndipo mukamupatsa mbiri ya ubwana wake womvetsa chisoni pa mutu 4, zonse zimene adzachite pambuyo pake zakhululukidwa kale. Isungeni mbiriyo mpaka wowerenga ataona mtengo umene mtsikanayo walipira, cha pakati pa buku kapena kupitirira. M'mitu yake yoyamba mulembe zifukwa zimene amadzinamiza nazo, momveka bwino moti wowerenga aone mpata pakati pa zimene akunena ndi zimene akuchita. Pa mitu isanu iliyonse, itatu ikhale ya mkaziyo. Nkhaniyi ndi yake.

Pa zochitika za kuchipinda funso ndi limodzi: kodi akanati ayi, akanataya denga, fizi kapena chitetezo cha mng'ono wake? Ngati akanataya, chimenecho si chilolezo, ndipo nkhaniyo iyenera kudziwa zimenezo ngakhale mpangankhaniyo asanadziwe. Chochitika chimene mukufuna kuti wowerenga achilandire ngati chikondi chenicheni chidikire mpaka mkaziyo ali ndi kiyi wa nyumba yakeyake m'thumba.

Machenjezo ndi kukonza komaliza

Machenjezo a zimene zili m'buku aikidwe patsogolo pa mutu woyamba komanso pamalo pamene bukulo likugulitsidwa, ndipo atchule zinthu ndi maina ake: nkhanza za kholo lopeza, kulandidwa ndalama, kumenyedwa, maganizo odzipha ngati alimo. Kungolemba kuti muli zinthu zovuta sikuthandiza aliyense. Pa Archive of Our Own, malo a pa intaneti oikapo nkhani zopeka, wolemba amakakamizidwa kusankha chenjezo asanaike nkhani yake, monga la chiwawa choonekeratu kapena la kugwirira, kapena kunena poyera kuti wasankha kusachenjeza. Owerenga a dark romance anazolowera mwambo umenewu ndipo ambiri amasankhira mabuku pa machenjezo omwewo, choncho musaope kuti aulula nkhani. Tsamba lomaliza likhoza kukhala ndi mawu ochepa olimbikitsa wowerenga amene wazindikira nyumba yake m'bukumo kuti afune thandizo kumabungwe othandiza ozunzidwa a kumene ali.

Musanatumize kwa mkonzi, perekani zolembazo kwa owerenga oyesa atatu kapena anayi, mmodzi mwa iwo akhale wodziwa za nkhanza za m'banja kudzera mu ntchito yake, kapena wopulumuka amene wavomera yekha atauzidwa zonse zimene zilimo. Musawafunse ngati bukulo lawasangalatsa. Afunseni kuti ndi pa mutu uti pamene anayamba kumukhulupirira mwamunayo, ndi pa mutu uti pamene anafuna kuti mkaziyo asabwererenso. Ngati ambiri anamukhululukira pa mutu 14, mwamufewetsa msanga. Ngati pa mutu 40 akufunabe kuti mkaziyo athawe, mwina mwamunayo sanalipire mokwanira, kapena buku lanu likukuuzani kuti wokondedwa wake ndi munthu wina.

Pomaliza tengani cholembera chofiira muwerenge mitu itatu yoyamba ndi itatu yomaliza, mukulemba mzere pansi pa mneni aliyense wonena za mkaziyo. Kumayambiriro mudzapeza ambiri othera ndi -idwa ndi -edwa: anauzidwa, anakokedwa, analandidwa, analetsedwa. N'zoyenera kumeneko. Kumapeto ayenera kukhala atachepa kwambiri, m'malo mwake mukhale anasaina, anakiya, anaimba, anakana, anatsegula. Mukapeza kuti pa mutu 39 akadali kupulumutsidwa, kutengedwa, kugulidwira nyumba ndi kuuzidwa kuti zonse zili bwino, lembaninso mitu 10 yomalizayo kuyambira pa tsiku limene anatuluka pageti.